Mwini Magazi a Fidda

Amene analamula kuti khoma la mpanda lija libooledwe ndi Fidda. Sabata imene mwana wake wamkazi, Nawf, anakwatiwa ndi Ghaith, mnyamata wa nyumba ya kuseri kwa mpanda, mayiyo anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Abu Sattam, ine sindizizungulira kumsewu ngati mlendo pofuna kukaona mwana wobereka ndekha. Boolani apa."

Mwamuna wake Mifleh, amene tonse timamutchula kuti Abu Sattam potengera mwana wake wachisamba, ananyinyirika kuti khoma lolimba chonchi silioonongedwa chifukwa cha miseche ya akazi. Koma Fidda akanena wanena. Mmisiri anabwera, ndipo Deifallah, bambo a Ghaith, anagula chitseko chachitsulo chobiriwira kuti asewere asadandaule okha. Pakhomo limenelo panadutsa mchere, mbale za mpunga, nkhani za mudzi wonse, ndipo patapita zaka panayamba kudutsa kamdzukulu Wadha, kali buno bwamuswe, kakuthawa kusamba.

Ife sitili pa nkhondo ndi munthu. Tsoka lathu ndi malo basi. Kum'mawa, kupitirira chipululu, kuli dziko lamphamvu. Kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje, kulinso lina. Awiriwa saonana ndi diso labwino, koma malire sagawana, ndiye akafuna kugendana mwala uliwonse umadutsa pamutu pathu. Boma linanena kuti thambo lathu si msewu, chilichonse cholowamo popanda odi chizigwetsedwa. Abwenzi a kutsidya kwa nyanja anabweretsa makina oona patali ndi mizinga yothamangitsa mizinga inzake, n'kuzitchera m'chipululu. Pa wailesi ankati tsopano tili ndi chishango. Chimene anaiwala kutiuza akuluakulu amenewo, ndi sukulu zawo zonsezo, n'chakuti chinthu ukachigwetsa chimagwa, ndipo pansipo pamakhala anthu.

Ghaith anali msilikali wa gulu loombera kumwambalo. Anali mnyamata waulemu, wopatsa, koma pakamwa pake pankathamanga kuposa mutu. Tsiku lina ali pa tchuthi, amuna atadzaza m'chipinda cha alendo cha Mifleh akumwa khofi, mlamu wake Sattam anayamba kumuputa.

"Ndamva kuti usilikali wanu ndi wokhala m'kachipinda kozizira, maso pa kanema tsiku lonse. Kamimbaka kachokera kumeneko eti?"

"Iwe umagona mpaka kuchucha dovu chifukwa cha ine," anatero Ghaith. "Chilichonse chodutsa pamwamba pa mudzi uno ndimachiomba ndine. Ngakhale ntchentche ikachokera kum'mawa imayamba yandipempha njira."

Anthu anaseka mpaka kudzitayira khofi. Fidda, amene ankadutsa panja pa zenera, anaponyapo lake. "Uziomba bwinotu, mkamwini. Ine padenga ndimayanika jamidi." Anasekanso. Akanakhala mawu ena bwenzi atatsukidwa limodzi ndi makapu, koma tsiku limenelo munali makutu ambiri.

Jamidi wa Fidda ankadziwika mpaka midzi ina. Ankatenga chambiko cha nkhosa, kuchithira mchere, kuchifinya m'thumba, n'kuumba mibulu yonga chibakera, yomwe ankaiyanika padenga pansi pa nsalu mpaka iume gwa. Aliyense wofuna kuphika mansafu, mpunga wa nyama ya nkhosa wothira msuzi wa jamidi, oti alendo akasimbe ankayamba wagogoda kwa Umm Sattam, mayi a Sattam, Fidda yemweyo.

M'chilimwe chimenecho a kum'mawa ndi a kumadzulo anayambananso. Sailini inkalira kawirikawiri mwakuti anthu anasiya kuithawa, ana ankangoloza mizere yoyera kumwamba ngati akuonerera mpira. M'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono, Mifleh ali kuthirira mitengo ya azitona kuseri kwa nyumba, inaliranso. Anakweza maso n'kuona mpango wakuda wa mkazi wake padenga.

"Tsika, mkazi iwe."

"Ndatsala mzere umodzi wa mibulu. Ndikapanda kuitembenuza ichita nkhungu."

"Nkhungu ndi moyo chachikulu n'chiti?"

"Inu thirirani mitengo yanuyo."

Amenewo ndiwo anali mawu omaliza a ukwati wawo. Kumwamba kunaoneka mzere wochokera kum'mawa, ndi ina iwiri kapena itatu yokwera kukakumana nawo. Kunang'anima, kunagunda, kenaka kunakhala chete kanthawi, mwakuti Mifleh anawerama kuti atole paipi. Ndiye nyumba inagwedezeka. Pamene ankafika pamwamba pa masitepe, chitsulo chachikulu ngati chitseko cha galimoto chinali chitazika m'denga, chikufuka. Nawf anali atafika kale, wadutsira pakhomo lija, ali chigwadire, mutu wa mayi ake uli pamiyendo. Mbali ina ya denga mibulu inali ili ndondondo m'mizere yake, yosakhudzidwa.

Asilikali anabwera maliro asanatuluke, anakulunga chitsulocho m'lona n'kupita nacho. Amene anachiona anagawikana. Ena ankati zilembo zake zinali za kum'mawa, ena ankalumbira kuti zinali za kutsidya kwa nyanja. Madzulo ake wailesi inayankhula. A kum'mawa anati mizinga yawo yonse inafika kumene inkapita. A kumadzulo anati yonse inathyoledwa panjira. Eni makina anati makina agwira ntchito mokhutiritsa. Athu anati zidutswa zagwa m'malo angapo ndipo munthu mmodzi wamwalira. Onse anapambana tsiku limenelo. Dzina la Fidda silinatuluke pakamwa pa aliyense wa iwo.

Kwathu kuno magazi sasowa mwini. Munthu akagundidwa ndi galimoto, akagwera m'chitsime cha wina, akapondedwa ndi ngamira, pamakhala khomo loti fuko la womwalirayo liyang'aneko, ndipo eni khomolo amatuma akuluakulu kudzapepesa. Pakapanda zimenezo maliro satha, amuna a fukolo amayenda ataweramitsa mitu ngati kuti anataya nkhuku osati munthu. Sattam ankazungulira m'hema la maliro, maso ali psuu.

"Tikagogode kuti, Ababa? Kum'mawa? Kumadzulo? Kutsidya kwa nyanja? Ndani adzabwere kudzakhala pamkeka wathu chifukwa cha amayi?"

Chichitikire zija m'makutu mwa Mifleh munkangolira.

Sizidziwika kuti anayamba kukumbutsa ndani za ntchentche yopempha njira ija. Pofika tsiku lotsatira mawu a Ghaith anali pakamwa pa aliyense, ndipo sankasekedwanso. Si ananena yekha kodi? Si anati chodutsa pamwamba pa mudzi uno amachiomba ndi iye? Mwa onse amene anaponya kanthu m'mwamba m'mawa umenewo, mmodzi yekha ndiye anali ndi dzina, bambo, ndi geti loti munthu n'kuligenda. Anyamata a fuko la Mifleh anagendadi. Anaswa mawindo a Deifallah, wina anatentha khola lake.

Akuluakulu a mafuko ena anathamangira kudzaima pakati. Anati magazi akamawira, mwambo ndi umodzi: jaluwa. Banja la woganiziridwayo lisamuke m'mudzi, likakhale kutali mpaka tsiku loyanjana. Deifallah anavula nsalu ya kumutu n'kuimenyetsa pansi. "Mwana wanga anatumidwa ndi boma kuteteza thambo lomweli. Ndichoka kuti pasafe wina, koma magazi amenewa sindikuwavomera." Onse anatembenukira kwa Mifleh, mwini maliro, mnzake wa Deifallah chiyambire ubusa wa nkhosa. Liwu limodzi lokha likanakwanira. Koma iye ankangoyang'ana mkeka. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi, ndipo kwathu mwamuna akakhala chete pa nkhani yotere amakhala wanena.

Lole inabwera m'mawa, apolisi ali pambali. Nawf anaima pakhomo la pakhoma atabereka Wadha.

"Iwe ndiwe wa kuno," anatero Sattam. "Jaluwa sikukukhudza. Lowa."

"Mwamuna wanga sanaphe amayi."

"Wakuuza ndani?"

"Nanga iwe wakuuza ndani?" Anayang'ana bambo ake, amene anakhala pa mpando pansi pa mpesa. "Ababa, mundiuza kuti chiyani?"

Mifleh anaweramitsa mutu. Nawf anadikira, kenaka anatembenuka. Lole isanafike n'kumsewu waukulu komwe, Sattam anali atapingasa matabwa pa chitseko chobiriwira chija, akukhoma misomali ngati akukhoma munthu.

Nkhondo ya eni ake inazirala patangotha masabata ochepa. Anatumizirana amkhalapakati, aliyense analengeza kuti wam'phunzitsa mnzake, n'kubwerera kukapanga mizinga ina. Koma ya m'mudzi mwathu inatsala. Azitona anapsa, anathyoledwa, mvula yozizira inabwera, ndipo nyumba ya kuseri kwa mpanda inali yotseka. Mkazi wa Sattam ankabweretsa chakudya n'kudzatenga mbale ili chimodzimodzi. Mifleh anakonza denga, anatolera mibulu yotsala ija m'thumba n'kuipachika m'chipinda chogona. Fungo lake linali la manja a Fidda. Anamulira mkazi wakeyo n'kuvomereza, poti kwa Mulungu tinachokera ndipo n'komwe tibwerere. Koma Nawf anali moyo. Ameneyo ndiye ankamudya mtima. Kangati konse anadzidzimuka masana atamva ngati chitseko chalira, n'kupeza kuti ndi mphepo. Ankafuna mwana wake abwerere kuseri kwa mpanda, adzidutsa pakhomo paja ndi mbale m'manja. Sankafunanso china padziko.

Tsiku lina anauza Sattam kuti akupita kuchipatala kukapimitsa shuga, n'kukwera basi ya ku tawuni kumene a Deifallah ankachita lendi pamwamba pa shopu yomata matayala. Wadha anamuona ali pa masitepe n'kubisala kuseri kwa diresi ya mayi ake. Anali atamuiwala. Nawf anapsompsona dzanja la bambo ake n'kuliika pachipumi, ndipo anakalowa kukhitchini kukatereka tiyi.

Ghaith analipo. Anali ataonda mwakuti yunifomu inkaoneka yobwereka. Anafuna kupsompsona mutu wa apongozi ake, koma Mifleh anamugwira paphewa n'kumukhazika pansi.

"Ndabwera ndekha, palibe akumva. Ndiuze pamaso pa Mulungu. Unali iwe?"

"Sindikudziwa, Bambo."

"Munthu angaombe osadziwa?"

"M'mawa umenewo tinaomba ife, anaomba abwenzi aja, zinaomba ndege, anaombanso a kumadzulo kuchokera kwawo. Makina amaona, amagawa ntchito, amakuuza kuti uyu ndi wako. Iwe umangovomera. Pa kanema pamakhala kadontho, kenaka palibe. Kumene kagwere sikaoneka." Anapukuta kumaso. "Ndinafunsa akuluakulu anga za chitsulo chija. Anati ndi chinsinsi. Akanena kuti ndi cha kum'mawa, a kum'mawa akwiya. Akanena kuti ndi cha abwenzi, abwenzi akwiya. Ndafunsa mpaka andiopseza. Mwina ndine, mwina si ine. Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo."

Mifleh anamukhulupirira. Ndipo m'pamene anatulutsa nzeru imene anabwera nayo, imene anaiumba yekha miyezi yonseyo. Anatembenukira kwa Deifallah.

"Sewere, mwambo uli ndi khomo limodzi lobwererapo. Wokana mlandu amafunika woweruza ndi mboni, ndipo apa mboni yake ili m'lona kwa asilikali. Mufera kuno ku matayala. Koma wovomera amakhululukidwa. Tumiza jaha, gulu la akuluakulu odzapepesa. Akuluakulu adzanene kuti magaziwa mwawavomera, ine ndidzakhululuka pamaso pa onse, osatenga ngakhale ulusi. Sattam mtima udzatsika, anyamata adzakhala chete, inu mudzabwerera."

"Ukundipempha kuti ndisenzetse mwana wanga maliro a Umm Sattam."

"Ndi mawu chabe, sewere. Amanenedwa kamodzi, khofi n'kumwedwa, basi. Ife tonse atatu tikudziwa kuti palibe akudziwa."

"Mawu chabe. Si mawu chabe omwewo atifikitsa pano?"

Ghaith ndiye anadula nkhani. "Chitani, Ababa. Nawf sanaoneko manda a mayi ake chiikire. Ngati ndi njira yomubwezera kwawo, ndisenza."

Nawf analowa ndi tiyi iwo atamaliza. Amuna atatu, onse omukonda, ndipo panalibe mmodzi amene anaganiza zomufunsa. Nkhani za magazi ndi za amuna, ndi mmene tinazipezera. Mifleh anamwa tiyi wake akumwetulira koyamba chichokere Fidda, n'kumuuza mwana wake kuti apirire pang'ono, zinthu zikonzeka.

Jaha inabwera masika, mzere wa magalimoto wofika mpaka ku mzikiti. Hema lalikulu linadzaza, anyamata ataimirira m'mbali mafoni ali m'mwamba. Wotsogolera anali Abu Trad, nkhalamba ya fuko lina yodziwa kuyala mawu. Atamuthirira khofi, analandira kapu n'kuiika pansi osamwa, monga mwa mwambo, kuti aliyense aone kuti wabwera ndi pempho.

"Khofi wanu sitimwa, Abu Sattam, mpaka mutatipatsa chimene tadzera. Tabwera m'dzina la Deifallah ndi mwana wake Ghaith. Magazi a Fidda, mwana wa Salameh, awavomera. Sanali dala, koma dzanja ndi lawo. Khosi lawo ili, lupanga ndi lanu."

Mifleh anamva Sattam pambali pake akupuma ngati munthu amene watula thumba la tirigu. Mifleh anaimirira.

"Imwani khofi wanu. Chifukwa cha nkhope ya Mulungu ndi nkhope zanu, ndakhululuka. Sindifuna dipo, sindifuna kanthu. Abwerere kunyumba kwawo."

Abu Trad anamwa. Amuna anayamika Mulungu, nsalu yoyera inakwezedwa pa mtengo, ndipo Sattam analira ngati mwana pachifuwa cha Deifallah. Anthu ankati sanaonepo mtima waukulu ngati wa Abu Sattam. Dzuwa lisanalowe, kanema wa mwambowo anali atazungulira m'mafoni a dera lonse, mawu a Abu Trad akumveka bwinobwino.

Matabwa aja anawazula yekha Mifleh, msomali umodziumodzi, n'kuthira mafuta m'mahinjesi. Tsiku lobwerera asewere, Mifleh anapha nkhosa ziwiri. Anatsitsa thumba lija m'chipinda n'kupatsa mkazi wa Sattam.

"Yonseyi, Bambo? Theka lokha likwana."

"Yonse. Lero aliyense adye za manja a Umm Sattam. Ndi iye anaboola khomali."

Mibulu inaphwanyidwa, inanyikidwa, inasungunuka mu mphika waukulu, ndipo fungo la mansafu linafika mpaka kumsewu. Mifleh anavala mkanjo wake wa pa Idi n'kukhala pansi pa mpesa, maso ali pa chitseko chobiriwira chimene anachisiya chotsegula.

Lole inafika dzuwa lili pamutu. Anamva mawu a Deifallah, kulira kwa akazi akupatsana moni, mipando ikutsitsidwa. Kenaka Nawf anatulukira kuseri kwa mpanda. Anafika pakhomo paja n'kuima, zala za kumapazi zili pa mzere wa simenti. Anali yekha.

"Lowa, mwana wanga. Khomo la mayi ako ndi limeneli, ndatsegula."

"Ndachokera kumanda, Ababa. Ndawaona."

"Wachita bwino. Wadha ali kuti? Ghaith ali kuti?"

"Ali m'galimoto, kumsewu waukulu. Salowa m'mudzi. Ine ndadzatenga zofunda ndi ziwiya zanga. Ghaith wapempha kuti amusamutsire kumwera, kumalire, ndipo amulola. Tikupita komweko."

Mifleh anaseka pang'ono, poganiza kuti sanamve bwino. "Zatha zija, Nawf. Khofi anamwedwa. Palibe angamuloze chala."

"Sakufunikanso kumuloza. Anavomera." Mawu ake anali otsika, osanjenjemera. "Wadha anaona za jaha zija pa foni ya mwana wa eni nyumba. Anabwera kudzandifunsa ndikusenda anyezi. Amayi, ababa ndi amene anapha agogo? Ndinati ayi. Iye anati, nanga agogo aamuna akhululuka chiyani?"

"Ndi mwana, adzaiwala."

"Mudzi sudzaiwala. Kusukulu adzakhala mwana wa uja anapha Fidda. Pa ukwati wake adzanong'onezana zomwezo. Inu mukuwadziwa anthu athu kuposa ine."

"Anali mawu chabe, mwana wanga. Ghaith yemwe sakudziwa. Ine sindikhulupirira kuti ndi iye."

"Ndiye bwenzi mutanena zimenezo tsiku lija pamkeka, Ababa. Mawu omwewo akanakwanira. Simukhulupirira kuti ndi iye." Anagwira chitseko ndi dzanja limodzi. "Miyezi yonseyi ndinkadya mbale imodzi ndi mwamuna wanga chifukwa panalibe wodziwa. A kum'mawa sankadziwa, a kumadzulo sankadziwa, boma silinkanena. Kusadziwako ndi kumene ndinatsala nako. Ndinkati mwina chitsulocho chinali cha munthu wakutali amene sindidzamuona nkhope. Inu mwatenga magazi a amayi anga, mwadzawaika pa pilo wanga. Ndipo simunandifunse. Ndinali kukhitchini, khoma limodzi lokha."

"Ndinkafuna ubwere kwanu."

"Ndikudziwa." Apa m'pamene misozi inatsika. "Ndikudziwa, Ababa. Sindikudana nanu. Koma pakhomo pano sindingadutse m'mawa kuchokera kwa iye, n'kudzakwera masitepe awo, anthu akuona. Kumusiyanso sindingathe. Wavomera chinthu chimene sakuchidziwa chifukwa cha ine, tsopano wayamba kuchikhulupirira. Ndikamusiya afa."

Mifleh anafuna kunena kuti aitananso Abu Trad, kuti aimirira mu mzikiti n'kuwauza onse kuti zinali zopangana. Koma iye mwini ankadziwa kuti khofi akamwedwa sabwerera m'kapu. Akatero ndiye kuti wanamiza akuluakulu a mafuko onse, ndipo magazi ayambanso kuwira. Chisoni chimene chinamugwira pamenepo chinaposa cha tsiku la padenga, chifukwa chija chinagwa kuchokera kumwamba, koma ichi anachiumba ndi manja ake.

"Idya kaye tsono," anatero potsiriza. "Usapite ndi njala. Mansafu apsa."

"Sangatsike pakhosi." Nawf anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anayang'ana padenga, kenaka anayang'ana bambo ake, ndipo nkhope yake inafewa ngati ya kamtsikana kaja kankapempha masiwiti. "Chinthu chimodzi chokha. Mkazi wa Sattam anandiuza pa foni kuti munasunga jamidi wa amayi, uja anatsala padenga. Mundipatseko mbulu umodzi. Sindidzaphika. Ndizingosunga m'sutikesi, Wadha akakula adzanunkhize manja a agogo ake."

Anatambasula dzanja kudutsa pakhomo paja, mapazi ali kwawo kwa eni.

Kuseri kwa nyumba akazi anali akuthira msuzi woyera pa mpunga, thireyi ndi thireyi, ndipo Sattam ankaitana alendo kuti asambe m'manja. Thumba lija linali pa chingwe pafupi ndi mpesa, litatsukidwa kale, likuuma. Mifleh analiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja la mwana wake.

"Ndasungunula yonse," anatero.